Ndinamiza mawu a malemu mu ndowa ya mchere

Inu owerenga, ine ndine mphunzitsi, ndipo imvi zandimera ndili ndi choko m'manja kuno ku Kabwe. Ana amene ndawaphunzitsa ndi ambiri, ena lero ndi anamwino, ena amandikweza ulere m'maminibasi awo. Koma alipo mmodzi amene sindidzamuiwala mpaka kufa. Mwanayo anali ndi foni ya malemu mayi ake, ndipo m'fonimo munali mawu amene mayiwo anamujambulira ali gone m'chipatala. Ine ndi dzanja langali ndinaiponya mu ndowa ya madzi a mchere sukulu yonse ikuona, ndikudziyesa munthu wolungama. Ndalemba izi kuti aphunzitsi anzanga, ndi inu makolo amene mumakhala m'makomiti a sukulu, mumve bwino, poti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndisakunamizeni, lamulo la mafoni silinabwere popanda chifukwa. Mafoni anatizunza. Ana ankajambulana m'zimbudzi n'kumaika zithunzi pa masamba a mchezo. Mphunzitsi wina wamkazi anamujambula chakumbuyo akulemba pa bolodi, chithunzicho chinazungulira komboni yonse ya Bwacha ndi mawu oti sindingawabwereze pano, mpaka mayiyo anapempha kuti amusamutse. Nyengo ya mayeso ana sankagwira buku, ankangodikira mafunso obedwa amene ankati abwera pa foni. Choncho akuluakulu a masukulu a m'dera lathu anakumana n'kugwirizana kuti lamulo likhale limodzi ponseponse, kuti mwana asamathawe sukulu yolimba n'kupita kofewa. Ine anandisankha kutsogolera kagulu kokonza lamulolo, chifukwa ndinkadziwika kuti sindiseka ndi mwana.

Poyamba tinkalanda foni n'kuisunga mpaka teremu ithe. Sizinaphule kanthu. Makolo ankabwera aliyense ndi nyimbo yake: agogo akudwala, foniyo ndi ya bambo ake ya kuntchito, mwanayu amachokera kutali. Ahedi ena ofewa mtima ankabweza, mawa lake foni yomweyo waipeza m'sokosi. Zimenezi zinkandinyansa kwabasi. Pa msonkhano wotsatira ndinaimirira n'kunena kuti foni yogwidwa izimizidwa m'madzi pa asembule ya Lolemba, mwini wake aziiponya yekha, ndipo pasamamvedwe chifukwa chilichonse, kaya cha mwana kaya cha kholo. Chomalizachi ndinachikakamira ndine. Mayi wina wa sukulu ya ku Railways anafunsa kuti nanga tsiku lina chifukwacho chikadzakhala choona tidzatani. Ndinamuyankha kuti wofuna kumvera nkhani akatsegule khoti, ife ndife aphunzitsi. Anthu anaseka, lamulo linadutsa.

Ana obadwira m'tauni muno si ogona. Anandipatsa dzina loti ba M'batizi, ndipo ine, kupusa, dzinalo ndinkalikonda. Posakhalitsa anapeza nzeru. Madzi a mu ndowa akatayidwa ankatola mafoni aja, kuwakwirira mu mpunga, kuwayanika, ndipo ena ankayakanso. Nditamva zimenezi ndinapsa mtima ngati andilavulira kumaso. Mnzanga wophunzitsa sayansi anandinong'oneza kuti madzi a mchere amadya zam'kati, foni yake siyidzukanso. Kuyambira pamenepo, Lolemba lililonse ndinkadzera pa kantemba ka pafupi ndi geti kugula mchere, n'kumautakasa ndekha mu ndowa ndi ndodo yolozera pa bolodi. Mcherewo sunali m'lamulo ayi. Unali nzeru zanga.

Mwana ndikunenayu ndimutcha Esinati, ngakhale si dzina lake. Anali Giredi 11, wofatsa, wakhama, kwawo ku Petauke konkuja kumene ndimachokera ine. Nthawi zina poyankha funso ankaterereka n'kulankhula chakumudzi, anzake n'kumamuseka, iye n'kungomwetulira. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Mayi ake ankagulitsa masamba pa msika, anadwala nthawi yaitali, n'kumwalira m'nyengo yozizira. Musaganize kuti sindinkadziwa. Kumaliro ndinapita pamodzi ndi aphunzitsi anzanga, ndinakhala panja ndi amuna, ndinamuona mwanayo akumugwirira potuluka m'nyumba. Atatha maliro anasowa kanthawi, kenako anabwerera m'kalasi ataonda.

Tsiku lina Lachinayi, nthawi yopuma, ndikuzungulira kuseri kwa labu monga mwa chizolowezi changa, ndinamupeza atakhala pa njerwa, foni ili pa khutu, misozi ikutsika. M'mutu mwanga munabwera chinthu chimodzi basi: mnyamata. Ndinali nditaona atsikana ambiri akulirira anyamata pa foni, ndiye ndinati uyunso wayamba, mayi ake sanathe n'komwe chaka m'manda. Ndinatambasula dzanja n'kuilanda. Inali foni yakale, galasi long'aluka, yomangidwa ndi kalabala. Mwanayo anaimirira n'kunena kuti, "Ba Ticha, mulibe na simu khadi. Ni ya amama. Nimvereniko chabe." Ndinamuuza kuti akandifotokozere Lolemba pa ndowa, ndinapotoloka n'kumapita.

Foniyo inagona mu kabati yanga kumapeto a sabata onse. Ndikanatha kuitsegula n'kuona ngati mulidi simu khadi kapena ayi. Ndikanatha kumuitana mwanayo Lachisanu n'kumufunsa kuti amamvera chiyani. Sindinachite. Ndinkadzitama kuti ine sindisuzumira m'mafoni a ana, ndimangotsata lamulo.

Lolemba m'mawa ndinapeza mayi wina atakhala pa benchi panja pa ofesi yanga, atamanga duku lakuda. Anali mayi ake aang'ono a Esinati, amene anamutenga kukakhala naye ku komboni ya Ngungu. Atandiona anatsika pa benchi n'kugwada pa simenti. Inu mukudziwa kuti kwathu munthu wobwera kudzapempha sayamba ndi nkhani. Anandifunsa mmene ndadzukira, anafunsa za kunyumba, anathokoza kuti tinabwera kumaliro, anafotokoza mmene abale anabwerera kuchokera ku Petauke ndi mmene anagawira katundu wa malemu, uyu chitenje, uyu mapoto. Ine apo n'kuti ndikungoyang'ana wotchi. Atafika poti foni ija ndi imene inagwera mwanayo, ndinawadula pakamwa. Ndinati, "Amayi, masiku ano foni iliyonse yogwidwa yasanduka ya malemu." Anaweramitsa mutu. Ulemu wawo ndi umene unawachedwetsa kufika pa mutu wa nkhani, ndipo ine, mwana wa kumudzi komweko, ndinkadziwa bwino lomwe kuti sanamalize.

Ahedi athu anamva zonsezi ali m'chipinda choyandikana. Anandiitanira pambali n'kundifunsa ngati sitingadikire mpaka Lolemba linalo. Ndinawauza kuti masukulu ena onse akuyang'ana ife, ndipo ngati ine mwini lamulo ndiyamba kulipinda, mawa benchi ija idzadzaza ndi maduku akuda. Anandiyang'ana, anapukusa mutu, belu linalira.

Tsiku limenelo panali anyamata angapo ogwidwa. Iwo anaponya mafoni awo akuseka, anzawo n'kumaimba mluzu. Esinati anali womaliza. Nditamupatsa foni ija anailandira ndi manja awiri, n'kuima pafupi ndi ndowa osasuntha. Ndinamuuza kuti afulumire, dzuwa likutiotcha. Analankhula motsitsa, moti ndinamva ndine ndekha: "Niyasheko kamozi chabe, nimvere, ndiye niponye." Ankangopempha kuti aiyatse kamodzi. Ana m'mizere anayamba kung'ung'udza, ndipo ine ndinaona ngati mwanayo akundiyesa mphamvu pamaso pa anthu. Ndinamutsomphola foni ija n'kuiponya ndekha m'madzi. Sanalire. Anayang'ana mu ndowamo kanthawi, anatembenuka, anadutsa pakati pa mizere, n'kutuluka pa geti chikwama atasiya m'kalasi.

Ine ndinapitiriza asembule ngati palibe chachitika, ndinakaphunzitsanso kalasi yanga yoyamba. Pobwerera ku ofesi ndinapeza mayi aja akadali pa benchi. Ulendo uno sanagwade, ndipo sanayambe ndi moni. Anandiuza kuti mkulu wawo sanapite patali ndi sukulu, kulemba kunkamuvuta. Ataona kuti matenda amupambana, ankati akapezako mphamvu n'kumatenga foni kujambula mawu a mwana wake. Pena ankamulangiza za kudzisunga, pena ankamutchulira mayina a abale ndi midzi yawo, pena ankamuimbira kanyimbo kamene ankamutonthozera ali khanda, pena kungomuitana dzina n'kumamuseka za ulesi wake wodzuka m'mawa. Esinati ankainyamula foniyo kusukulu chifukwa kunyumba ana aang'ono ankailimbirana, iye n'kumaopa kuti angafufute.

Ndiye anandiuza chinanso. Panali gawo lomaliza, limene mayiyo anajambula ali yekha, atatuma mng'ono wakeyo kukatunga madzi. Gawo limenelo anamulumbiritsa mwana wake kuti asalitsegule mpaka tsiku limene adzamalize mayeso a Giredi 12. Esinati anasunga pangano. Miyezi yonseyo ankamvera zina zija mobwerezabwereza, lomalizalo osalikhudza. Mayi aja anati, "Mwana uja anabwerera kusukulu chifukwa cha mawu aja, ba Ticha. Ine ninakamba naye mpaka nalema." Atatero ananyamuka, anakonza chitenje, n'kumapita.

Ndinathamangira kuseri kwa ofesi kumene ndowa inali. Ana amene anandiona ndikupisa dzanja m'madzi, malaya osapinda n'komwe, ayenera kuti anati ba M'batizi apenga. Ndinaitsuka ndi madzi abwino, ndinaikwirira mu mpunga monga ankachitira ana aja amene ndinkawanyoza. Mawa lake ndinapempha chilolezo n'kulowa m'tauni, kuyenda kwa okonza mafoni mmodzimmodzi. Aliyense ankati akatsegula n'kuona zoyera zitamatirira m'kati, ankandifunsa kuti inagwera m'chiyani. Ndinkachita manyazi kuyankha. Wina anandiuza mosabisa kuti akanakhala madzi wamba akanayesa, koma mcherewo wadya pamene pamakhala zojambulidwa. Ndinaitumiza mpaka ku Lusaka kudzera kwa mlamu wanga, inabwerako chimodzimodzi.

Nditaona kuti foni yakanika, ndinayamba kufunafuna mawu a mayiyo kwina, ngakhale moni chabe, kuti mwanayo akhale ndi kanthu. Ndinapita kwa amayi a mpingo wawo. Anandilandira bwino, koma anati mafoni awo amadzaza msanga, amafufuta zakale kuti zatsopano zilowe. Anzake a pa msika chimodzimodzi. Malume ake a Esinati ku Petauke ali ndi kafoni ka mabatani. Kenako ndinakumbukira gulu la makolo a kalasi yathu la pa foni, limene woyang'anira wake ndinali ine. Ndinati mwina mayiyo analankhulapo pamenepo.

Inu owerenga, apa ndiye pamene ndinadziona bwino. Pa gulu limenelo makolo ena ankakonda kutumiza mawu ojambula m'malo molemba, ndipo ine zinkandinyansa. Ndinalamula kuti aliyense azilemba, pano si pa msika. Wotumiza mawu ndinkamufufutira pomwepo, osamvera n'komwe. Ndinakhala m'chipinda cha aphunzitsi nthawi ya nkhomaliro ndikubwerera m'mbuyo, miyezi ndi miyezi, mpaka ndinapeza nambala ya mayi ake a Esinati. Analankhulapodi, malo angapo. Pansi pa dzina lawo paliponse panali kamzere kosonyeza kuti uthengawo unachotsedwa ndi woyang'anira gulu. Mayi wosadziwa kulemba ankayesa kulankhula ndi mphunzitsi wa mwana wake m'njira imene ankaitha, ine n'kumamutseka pakamwa, mpaka analeka. Chimene ankafuna kundiuza sindichidziwa. Ndinalowa m'chimbudzi cha aphunzitsi n'kulira, bambo wamkulu ngati ine.

Esinati sanabwerenso kusukulu. Loweruka lina masana ndinakwera minibasi kupita ku Ngungu, ndikufunsa njira mpaka ndinaipeza nyumba. Taonani kupusa kwa munthu: ndinanyamula foni yatsopano m'kabokosi, ngati kuti chimene chinatayika ndi foni. Mayi aang'ono aja anailandira, anaiika pa windo osatsegula, n'kundipatsa mpando. Atamuitana, Esinati anatuluka n'kugwada chapatali, anandipatsa moni mwaulemu wonse monga mwana woleredwa bwino. Akanandilalatira bwenzi zili bwinoko. Ndinapepesa mmene ndikanathera. Ndinamuuza zonse, za mchere, za okonza mafoni, ngakhale za gulu la makolo lija sindinabise. Ndinamupempha kuti abwerere, ndinalonjeza kuti zimene zamudutsa ndimuphunzitsa ndekha.

Anamvetsera maso ali pansi. Anati masiku oyamba ankati akatseka maso ankawamva mayi ake bwinobwino, koma tsopano wayamba kusokoneza, sakukumbukiranso mmene ankakwezera mawu pomuitana dzina. Ndiye anati, "Ba Ticha, nakukhululukirani. Koma nikamaliza sukulu, nizamvera chani?"

Ine amene ndinali ndi yankho pa chilichonse ndinangotsanzika n'kumapita, njira yonse ya ku siteji ndikupunthwa ngati woledzera. Patapita nthawi ndinamva kuti abale amutenga kupita naye ku Petauke. Ndatumizako mauthenga kudzera kwa anthu akwathu, ndapempha ahedi a sukulu ya pafupi ndi mudziwo kuti amusungire malo. Yankho limabwera lomwelo, lakuti ali bwino, akuthandiza malume ake kumunda, za sukulu sazifuna.

Ndinabwerera ku msonkhano wa masukulu a m'dera lathu n'kufotokoza zimene ndakuuzanizi. Ena anamva, ena anati nkhani imodzi isatigwetsere lamulo, ndipo sindikanawadzudzula poti mawu amenewo anawaphunzira kwa ine. Pa sukulu yathu ndowa tinaichotsa. Foni tikalanda timaisunga, kholo limabwera, timakhala pansi. Ambiri amatinamizabe, ndikudziwa, ndipo pena ndimapsabe mtima. Koma kunamizidwa ndi kholo kumatha tsiku lomwelo, pamene chimene ndinachita ine sichidzatha.

Musandimve molakwa, sindikuti ana azilowa ndi mafoni m'kalasi. Letsani, landani, sungani, langani. Chimene ndikukupemphani ndi chakuti musapange lamulo lokuletsani inu eni kumva. Lamulo lotere limakoma pa msonkhano, anthu amaomba m'manja, koma tsiku lokaligwiritsa ntchito mumakhala muli nokha ndi mwana wa munthu. Ndipo chinthu cha mwana musachiwononge, ngakhale chioneke chachabechabe, chomangidwa ndi labala, chifukwa chosungidwa mukhoza kubweza mukazindikira kuti munalakwa, koma madzi akatayika saoleka. Masiku ano anthu osauka alibe zithunzi pakhoma kapena masutukesi a makalata, zonse zimene ali nazo za abale awo zili m'timafoni tomweti. Kholo likakugwadirani, lisiyeni limalize kulankhula, belu lidikire. Inunso makolo, ngati m'foni muli mawu a munthu amene simudzamumvanso, pemphani wodziwa awasamutsire kwina lero lomwe.

Anzake a Esinati analemba mayeso awo omaliza chaka chathachi. Ine ndinali pa khonde pamene ankatuluka m'holo, akukumbatirana, kulembana mayina pa malaya, ena akuthamangira makolo awo pa geti. Tsiku limenelo ndi limene mayi uja wogulitsa masamba analikonzekera ali pa bedi la imfa, n'kusankha mawu oti adzamuuze mwana wake. Palibe munthu pa dziko lino amene adzawadziwe mawu amenewo. Imfa inali italephera kumutseka pakamwa mayi uja, ndinamutseka ndine.